Kuphikira alendo osadya tsabola pakhomo pamene kambuzi sasowa

Ndimakhala ku Highfield kuno ku Harare, ndipo pakhomo pathu tsabola amadyedwa tsiku lililonse. Ine kwathu ndi ku Thyolo, bambo a kunyumba ndi a ku Dedza, ndipo tonse tinakula tikudya tsabola. Ana athu nawonso anazolowera. Kuseri kwa nyumba ndili ndi zidebe zakale zimene ndinadzalamo kambuzi, mbewu yake yochokera kumudzi, ndipo mu June ndi July ndimazikokera pakhonde chifukwa chisanu cha kuno chimatha kupsereza masamba usiku umodzi wokha. Akatha, timatuma amene akubwera pa basi ya ku Blantyre, yodzera ku Mwanza, Tete ndi Nyamapanda, kuti atinyamulire pamodzi ndi usipa ndi botolo la Nali. Ndanena izi kuti mudziwe kuti amene akulemba pano amamukonda tsabola ndi mtima wonse.

Koma pakhomo pathu pamabweranso alendo ambiri, ndipo ochuluka mwa iwo sadya zowawa. Ena ndi abale a bambo obadwira konkuno, a ku Mabvuku, Mufakose ndi Dzivarasekwa, amene Chichewa amalankhula bwinobwino koma anakulira ndiwo za tomato, anyezi ndi mchere basi. Ena ndi amayi anzanga a kumpingo, ena ndi okalamba amene m'mimba mwawo simulolanso, ndiye pali ana. Chimene ndaona pa anthu onsewa n'chakuti mlendo wakwathu sanena. Munthu woleredwa mwaulemu sangakuuzeni kuti ndiwo zanu zikumuwotcha. Adzavomera, adzathokoza, ndipo adzanyamuka ndi njala. Choncho udindo wonse uli kwa wophika.

Izi ndinaziona ndi maso anga pa msonkhano wa banja ku Mufakose. Kunali a malume awo a bambo, nkhalamba imene inachoka ku Dedza pa nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, chija cha 1953 mpaka 1963, n'kudzagwira ntchito m'minda ya fodya isanasamukire m'tauni. Eni khomo anawaphera nkhuku yachikuda, ulemu waukulu, ndipo wophika anasinjira piripiri mumphika momwemo monga amachitira masiku onse. A malume anasamba m'manja, anatema mbamu, n'kusunsa mumsuzi. Ine ndinakhala moyang'anana nawo. Atangoika m'kamwa anasiya kutafuna kwa kanthawi, kenako anameza. Pamphumi panatuluka thukuta. Anatulutsa kampango m'thumba la jekete n'kupukuta m'maso ngati akuchotsa fumbi. Anamwa madzi, n'kumwanso. Anayesa kuthawira ku masamba, koma supuni imene inapakula nkhuku ndi yomweyo inapakula masamba. Posakhalitsa anakankhira mbale patsogolo pang'ono n'kunena kuti, "Zikomo kwambiri amayi, ndakhuta. Ife okalamba sitidya zambiri." Mtanda wachiwiri sanaukhudze n'komwe. Pobwerera anatipempha kuti tiime pa golosale, ndipo anagula buledi ndi mkaka. M'mawa mwake mwana wawo anatiuza kuti chilungulira chinawagoneka chokhala usiku wonse.

Wophika uja analibe cholinga choipa. Analawa ndiwo zake, ndipo kwa iye zinali bwino. Vuto lagona pamenepo: lilime la munthu wodya tsabola tsiku ndi tsiku si muyeso wodalirika. Chimene chimawawa mu tsabola ndi mankhwala otchedwa capsaicin. Mankhwalawa amagwira timitsempha ta m'kamwa timene ntchito yake ndi kutichenjeza tikaika m'kamwa chinthu chotentha kupitirira madigiri 43. Ubongo umalandira uthenga woti m'kamwa mwapsa, n'chifukwa chake thukuta, misozi ndi mamina zimatuluka. Wasayansi wa ku America David Julius, amene anatulukira zimenezi pogwiritsa ntchito capsaicin yemweyu, anali mmodzi mwa anthu awiri amene analandira mphoto ya Nobel ya zamankhwala mu 2021. Timitsempha timeneti tikamakumana ndi tsabola kawirikawiri timachita dzanzi, timasiya kudandaula msanga. Zili ngati manja a mlimi amene anazolowera mpini wa khasu: iye amalima tsiku lonse osamva kanthu, koma mlendo wa m'tauni akagwira khasu lomwelo matuza amatuluka dzuwa lisanafike pamutu. Ndiye inu mukalawa n'kunena kuti "mulibe tsabola umu", mukunena zoona za pakamwa panu pokha.

Komanso mawu akuti "ndimadyako pang'ono" musawatenge mopepuka. Mu 1912 katswiri wa zamankhwala Wilbur Scoville anakonza muyeso wa ukali wa tsabola: ankasungunula madzi a tsabola m'madzi a shuga mpaka olawa atasiya kumva kuwawa. Pa muyeso umenewu tsabola wamkulu wobiriwira uja timagula ku Mbare Musika ali pa 0. Jalapeño, amene amaikidwa pa pizza, ali pakati pa 2,500 ndi 8,000. Piripiri wathu wamng'ono wosongoka amayambira pa 50,000 n'kupitirira 100,000. Habanero, amene ndi mtundu umodzi ndi kambuzi, amakhala pakati pa 100,000 ndi 350,000. Mlendo amene akuti amadyako pang'ono mwina akunena timadontho ta sosi wa m'botolo pa tchipisi. Inu mukumva kuti akunena kambuzi. Kusiyana kwa ziwirizi n'kwakukulu kwambiri.

Ndiye ine ndimachita bwanji? Ndimayamba ndi kufunsa, koma sindifunsa mlendo mwini wake. Ndimaimbira amene akubwera naye, kapena mkazi wake, kapena mwana wake. Ndipo sindifunsa kuti "kodi amadya tsabola?" chifukwa yankho limangokhala lakuti "aa, musavutike amayi, chilichonse adya." Ndimafunsa kuti, "Kodi kunyumba kwanu mumathira tsabola mumphika, kapena aliyense amadziikira yekha?" Funso limeneli silichititsa munthu manyazi, ndipo yankho lake limandiuza zonse. Ngati sindinapeze womufunsa, ndimaphika ngati kuti palibe ndi mmodzi yemwe amene amadya.

Kuphika wopanda tsabola sikutanthauza kuphika ndiwo zozizira. Apa m'pamene anzanga ambiri okonda tsabola amataya mtima, amati popanda kambuzi ndiwo sizikoma. Ndimawamvetsa, chifukwa kambuzi sakondedwa kaamba ka kuwawa kokha. Ali ndi fungo lakelake, lonunkhira ngati chipatso, limene piripiri alibe. Nkhani yabwino ndi yakuti fungo limeneli mungathe kulilowetsa mumphika kuwawa kwambiri n'kukusiya kunja. Capsaicin wochuluka sakhala m'khungu la tsabola, ndiponso sakhala m'njere monga ambiri timaganizira. Amakhala m'kamnofu koyera ka m'kati kamene njere zimamatirirako. Njere zimawawa chifukwa chokhudzana ndi kamnofu kameneka.

Choncho ndimasankha tsabola mmodzi wa kambuzi wakupsa bwino, wolimba, wopanda bala kapena mng'alu, phesi lake lili pomwepo. Ndimamutsuka, n'kumuunika pawindo kuti ndione ngati palibe pamene tizilombo tinaboola. Nkhuku ikapsa, msuzi utagwirana, ndimachepetsa moto n'kumuika pamwamba wathunthu, osamudula, osamubaya. Ndimavundikira kwa mphindi 10, ndipo nthawi imeneyi sindivundula ndi mthiko, ndimangogwedeza poto pang'onopang'ono. Kenako ndimamuvuula ndi supuni asanafewe. Akayamba kukwinyika kapena kuoneka ngati aphulika, musadikirenso, chotsani nthawi yomweyo, chifukwa akang'ambikira mumphika ntchito yonse yawonongeka. Mukavundukula, fungo la kambuzi limadzaza khitchini, koma msuzi umangokhala ndi kakutentha kakang'ono kwambiri, nthawi zina osamveka n'komwe. Ngakhale zili choncho, kukakhala ana aang'ono kapena wodwala m'mimba, ndimayamba ndawapatulira zawo m'kapoto kena ndisanaike tsabolayo.

Zina zonse zimene zimakometsa ndiwo zilipo ndithu. Anyezi ndimamukazinga mofatsa mpaka afiire, osati kungomuonetsa mafuta. Adyo, jinja pang'ono, tomato wakupsa bwino amene waphikidwa mpaka mafuta ayandame, tsabola wamkulu wofiira kapena wobiriwira wosawawa uja, ndi paprika wa ufa amene amapereka mtundu wofiira. Chenjerani ndi curry wa m'mapaketi: werengani ngati palembedwa mild kapena hot, chifukwa wina amakhala ndi tsabola kale m'kati. Chimodzimodzi zokometsera zosakaniza za nyama ndi nkhuku, ndiponso soseji zina. Munthu akhoza kulumbira kuti sanathire tsabola, chonsecho analowa kudzera m'paketi.

Tsabola weniweni, wa ife eni khomo ndi alendo amene amamufuna, amakhala m'kambale kakekake. Ndimamukonza dzulo lake kapena m'mawa kwambiri alendo asanafike, chifukwa utsi wa tsabola wokazinga umatsokomoletsa ndipo umakhalitsa m'nyumba. Mwana wa mphumu ungamuvutitse kwambiri. Ndimatsegula mawindo, kapena ndimakazingira panja pa mbaula. Kakonzedwe kanga n'kosavuta: kambuzi 10, anyezi mmodzi, tomato awiri, adyo pang'ono, mchere, ndi madzi a ndimu imodzi kapena masupuni awiri a viniga. Ndimasinja, n'kukazinga m'mafuta pamoto wochepa mpaka madzi aphwe. Akazizira ndimaika m'botolo loyera m'firiji, ndipo timamaliza sabata isanathe. Musamusiye pashelefu masiku ambiri, chifukwa adyo wokhala m'mafuta pamalo ofunda amatha kuswa tizilombo toopsa.

Dziwaninso kuti tsabola wa mtengo umodzi sawawa mofanana nthawi zonse. Amene wakula movutika ndi dzuwa la October, madzi akuperewera, amakhala waukali kuposa wa nthawi ya dzinja. Ndipo mwambi uja wakuti tsabola wakale sawawa usiyeni ku bwalo la milandu, m'khitchini usakupusitseni. Piripiri wouma amene wakhala m'chitini chaka chathunthu amaliza munthu wamkulu. Kuphika nthawi yaitali nakonso sikuthetsa kuwawa, kumangokumwaza mumsuzi wonse.

Pali chinthu china chimene ndikufuna nditsindike, chifukwa n'chimene chinapweteka a malume kachiwiri tsiku lija: ziwiya. Capsaicin sasungunuka m'madzi, amagwirana ndi mafuta, ndiye kutsukuluza mpeni pampopi sikumuchotsa. Thabwa limene mwadulirapo kambuzi mukadulirapo tomato wa saladi, saladiyo iwawa. Kamtondo ka mtengo kamasunga ukali kwa masiku ambiri, choncho ine ndili ndi timitondo tiwiri, kena ka tsabola, kena ka nsinjiro ndi adyo, ndipo ka tsabola ndinakamanga kansalu kofiira kuti ana asasokoneze. Patebulo mbale iliyonse imakhala ndi supuni yake, ndipo kasupuni ka tsabola sikachoka m'kambale kake. Podula ndimavala kajumbo m'manja. Ngati mwagwira ndi manja, pakani mafuta ophikira poyamba, kenako sambani ndi sopo wotsukira mbale, musanagwire mwana kapena kukhudza m'maso.

Ndipo popeza ife timadya nsima ndi manja, nkhani ya zala ndi yaikulu. Kumene anthu akudyera mbale imodzi, munthu mmodzi akasunsa mbamu m'tsabola n'kubwerera nayo m'ndiwo za onse, wathirira aliyense. N'chifukwa chake pakakhala osadya tsabola ndimapatsa aliyense mbale yake ya ndiwo, ngakhale nsima ikhale ya pamodzi. Posamba m'manja tikatha kudya, ndimathirira ndi jagi, ndipo madzi a m'beseni sindilola kuti ana aviikemo manja. Mwana akasamba m'madzi amene asambamo akuluakulu odya kambuzi, kenako n'kutikita m'maso, kulira kwake kumakhala kosatonthozeka. Zikachitika, mutsukeni m'maso ndi madzi ambiri oyera kwa nthawi ndithu, ndipo musamulole kutikita.

A malume aja atabwera kwathu ulendo wina, ndinaphika nkhuku mwa njira imeneyi, nyemba, ndi mpiru wotendera. Tisanapemphere ndinagwada pafupi nawo n'kuwauza momveka kuti, "A malume, ndiwo zonsezi siziwawa. Tsabola ali m'kambale ako kali kwa aphwanuko, ndi wa kambuzi, ndipo ngwaukali kwambiri." Anandiyang'ana, n'kufunsa kuti, "Nanga fungo likumvekali?" Ndinawafotokozera mmene ndinachitira. Analawa msuzi ndi nsonga ya mbamu, anadikira pang'ono, kenako anayamba kudya momasuka. Anamaliza mitanda iwiri, napempha kuti ndiwawonjezere msuzi. Ali mkati mwa kudya anayamba kusimba za kambuzi amene mayi awo ankadzala kuseri kwa nkhokwe ku Dedza, ndi mmene iwo ankamudyera ali mnyamata m'mimba musanayambe kuvuta. Bambo a kunyumba, amene anakula akuwadziwa, anati nkhani imeneyi anali asanaimvepo.

Mawu amene ndinanena ndisanapereke chakudya ndi ofunika ngati kuphika komwe. Munthu amene anawotchedwapo amadya mwamantha, amangonyambita. Mukamuuza poyera chimene chili m'mbale iliyonse, mtima umakhala pansi. Koma nenani zoona. Ngati munathira pang'ono, nenani kuti munathira pang'ono. Musanene kuti mulibe pofuna kuti alawe kaye, chifukwa akazindikira sadzakhulupiriranso mphika wanu.

Nthawi zina ngozi imachitika: tsabola waphulikira mumphika, kapena wina wothandiza kukhitchini wathira osadziwa. Palibe chimene chimachotsa capsaicin akalowa mumsuzi, mungangomuchepetsa mphamvu. Onjezerani zinthu: tomato, anyezi, nyemba zina, nyama ina ngati ilipo. Nsinjiro kapena chiponde zimathandiza kwambiri chifukwa cha mafuta ake, ndipo alendo a kuno anazolowera kale ndiwo za chiponde, chimene kuno amati dovi. Kashuga pang'ono ndi madzi a mandimu zimaziziritsako. Mafuta ofiira oyandama pamwamba awauleni ndi supuni, chifukwa ukali wambiri umakhala mmenemo. Ambiri amati ponyanimo mbatatesi kuti imwe tsabola. Mbatatesiyo imamwa msuzi basi, ndipo msuzi wotsalawo umawawabe chimodzimodzi. Ngati mphika wawawa kwambiri, ine ndimaona kuti n'kwabwino kuusiyira odya tsabola n'kukazinga mazira ndi tomato mwamsanga, kapena matemba a ku Kariba, zimene sizitenga nthawi. Mlendo adye mazira akhute, kusiyana n'kumupatsa nkhuku yoti azilimbana nayo.

Ngati wina wawotchedwa kale, musathamangire madzi. Madzi amaziziritsa pamene ali m'kamwa pokha, mukameza moto umabwerera. Zakumwa za gasi sizithandiza, mowanso ayi. Chimene chimagwira ntchito ndi mkaka, chifukwa uli ndi mafuta komanso puloteni yotchedwa casein imene imakokolola capsaicin pa lilime. Chambiko, chimene kuno timagula ngati lacto, ndi yogati zimachita chimodzimodzi. Auzeni asunge mkakawo m'kamwa pang'ono asanameze. Kwa amene mkaka suwayanja, peyala, supuni ya chiponde, kashuga, kapena mbamu ya nsima yopanda ndiwo zimathandizako. Ine tsiku la alendo ndimaonetsetsa kuti m'firiji muli mkaka, ndipo ikakhala nyengo ya mapeyala ndimadula awiri n'kuika patebulo ngati mbali ya chakudya.

Pa za m'mimba, anthu ambiri amati tsabola amayambitsa zilonda za m'mimba. Madokotala amati zilondazi kawirikawiri zimayamba ndi kachilombo kotchedwa H. pylori kapena kumwa pafupipafupi mankhwala opha ululu monga aspirin ndi ibuprofen. Koma zimenezi si chifukwa chokakamizira munthu. Amene ali ndi chilungulira kapena m'mimba movuta kale, tsabola amatha kumuwonjezera ululu, ndipo mwini thupi ndiye amadziwa chimene chimamugoneka tulo ndi chimene chimamulanda tulo.

Chimene sindilola pakhomo panga ndi kunyogodola. Anyamata akakumana amakonda kuputana, "Mwamuna sathawa tsabola," "Lawani pang'ono achimwene, simufa." Ndinauza ana anga aamuna kuti mawu amenewa ndisawamve patebulo. Mkamwini amene wabwera koyamba, kapena mtsikana amene akudzaonekera kwa apongozi, ali kale ndi mantha. Mukamuputa adzadya kuti asaoneke wofooka, ndipo chakudya chonse chidzakhala mayeso. Kudya tsabola si kulimba mtima, ndi chizolowezi chabe. Amene akufuna kuyesa, muuzeni agunde ndi nsonga ya kasupuni, aike pambali pa mbale osati pamwamba pa ndiwo, ndipo adikire kaye asanawonjezere, chifukwa kambuzi amachedwa kuluma. Poyamba umamva kununkhira, ukali umabwera pambuyo.

Pa maliro, pa ukwati ndi pa misonkhano ya mpingo, pamene timaphika m'mapoto akuluakulu anthu ambiri, nkhaniyi ndimaiyambitsa ine tisanasonkhe moto. Timagwirizana amayi tonse kuti m'poto wamkulu simulowa tsabola wa mtundu uliwonse, ngakhale wathunthu uja, chifukwa pamene pali manja ambiri wina adzavundula n'kumuphulitsa. Mmodzi amapatsidwa ntchito yokonza tsabola payekha, ndi mpeni wake ndi thabwa lake, kutali ndi podulira masamba. Timamuika m'timabotolo toonekera, ndipo amene akugawa chakudya ndiye amafunsa aliyense kuti, "Tsabola tikuikireni?" Mzere wa ana ndi wa agogo botolo silipitako pokhapokha wina ataitanitsa yekha.